Kuliza Thirakitala Yaing'ono M'maŵa wa Chisanu

 Lero tikambirana za mathirakitala ang'onoang'ono a dizilo, aja a mateyala aŵiri amene mlimi amawatsatira pambuyo potipula ndi kusalaza munda, ndiponso aja a mateyala anayi okoka ngolo.

Karonga amadziŵika ndi kutentha. Koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene mwera ukuomba panyanja, m'maŵa kumazizira ndithu, ndipo imeneyi ndiyo nyengo imene alimi ambiri amakonza minda ya mpunga wothirira. Thirakitala ikakana kulira, munda umachedwa, mbande zimakalamba panazale, ndipo anzanu amene akudikira makina omwewo amachedwanso.

Mfundo yaikulu ndi iyi: chisanu cha kunyanja n'chochepa, sichingagonjetse injini yosamalidwa bwino. M'maiko ozizira kwambiri dizilo amalimba ngati phala m'mapaipi, koma m'mbali mwa nyanja zotere sizichitika. Kwathu kuno chisanu chimangoulula zimene mwini makina ananyalanyaza.

Injini imeneyi inatenga dzina la Rudolf Diesel wa ku Germany, amene anaiyendetsa bwino m'chaka cha 1897. Ilibe mapulagi othetheka moto monga injini ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya mpaka utenthe kupitirira madigiri 500, ndipo dizilo akafayiridwa mumpweyawo amayaka yekha. Zitsulo zikazizira usiku zimaba kutenthako, choncho injini iyenera kuzungulira mwamphamvu kuti ilire.

Zinthu zitatu ndizo zimavutitsa. Choyamba ndi batire. Kuzizira kumachepetsa mphamvu yake, ndipo batire lokalamba limafooka msanga. Tsukani mitu yake ikachita zoyerayera, ndi kumanga mawaya zolimba. Chachiŵiri ndi madzi m'thanki. Thanki ikagona yosadzaza, chinyezi cha mumpweya chimasanduka madontho monga mame, ndipo madziwo amakhala pansi pa dizilo mpaka kuwononga pampu. Choncho dzazani thanki madzulo poŵeruka, ndipo m'maŵa khuthulani madzi a m'kabotolo ka pansi pa sefa. Chachitatu ndi oyilo. Oyilo wakale amalimba kukazizira, injini n'kumalemera pozungulira. Thirani oyilo amene buku la makina anu likunena. M'mainjini ambiri a dizilo amathira wolembedwa 15W-40.

Tsopano tiyeni tione kalizidwe kake. Yambani ndi kuona oyilo, madzi oziziritsa injini ndi dizilo. Chotsani giya, ndipo ana asakhale pafupi. Ngati thirakitala yanu ili ndi kiyi ndi mapulagi otenthetsera, dikirani nyali yake izime musanalize. Musapukuse sitata kupitirira masekondi 10 kapena 15. Ikakana, pumulani mphindi imodzi musanayesenso, chifukwa sitata ikapsa ndalama zake n'zambiri.

Ngati ndi yopukusa pamanja, kwezani kachitsulo kochepetsa mpanikizo, pukusani mpaka gudumu lalikulu lithamange, kenaka katsitseni. Chala chachikulu chikhale mbali imodzi ndi zala zinazo pa chopukusira, pakuti injini ikabweza mwadzidzidzi imatha kuthyola chala kapena dzanja.

Ikalira, musathamangire kumunda. Ilekeni ilire pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu kapena zisanu kuti oyilo afike paliponse. Poyamba ntchito musazamitse makasu kwambiri, mpaka injini itafunda. Kuigwiritsa ntchito yolemetsa isanafunde kumadya mapisitoni ndi mabering'i mosaoneka, ndipo zotsatira zake mudzaziona pakati pa nyengo yolima.

Alimi anzanga, pali machitidwe aŵiri oopsa amene tiyenera kuwaleka. Ena amasonkha moto wa mapesi pansi pa injini kuti ifunde. Moto umenewo umasungunula mapaipi ndi mawaya, ndipo ungathe kupsereza makina ndi shedi yomwe. Ena amathira petulo kukamwa kwa sefa ya mpweya. Petulo amaphulika nthaŵi isanakwane, n'kuwononga pisitoni. Chofunditsa chabwino ndi chosalira ndalama: goneketsani thirakitala m'shedi kapena ifunditseni lona, ndipo m'maŵa ikankhireni padzuŵa. Kwa injini zokhala ndi mphika wa madzi pamwamba, kuthiramo madzi ofunda kumathandiza. Musalize injini m'nyumba yotseka, chifukwa utsi wake ndi wakupha.

Utsi nawonso umalankhula. Utsi woyera umene ukutha injini ikafunda usakudetseni nkhaŵa, koma ukapitirira ndiye kuti dizilo sakupsa bwino kapena muli madzi. Wakuda ukusonyeza kuti sefa ya mpweya yatsekeka kapena katundu wachuluka. Wobiriŵira ukutanthauza kuti injini ikudya oyilo. Zizindikiro zikapitirira itanani makaniko, kapena funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu.

Inu a m'makalabu ogwiritsa ntchito thirakitala imodzi, sankhani munthu mmodzi woyang'anira oyilo, dizilo ndi batire, ndipo azilemba m'kabuku tsiku limene wasintha chilichonse. Makina a gulu opanda mwini sachedwa kufa.