Ana Osiyana M'kalasi Imodzi

Lero sitikamba za fodya kapena za chimanga ai, koma za ana a sukulu, makamaka aja amene timawasiya pakhonde anzao akamapita kukaphunzira.

Mlimi aliyense adziwa kuti munda umodzi suli ndi nthaka imodzi. Pachulu chimanga chikula msanga, pamchenga chifuna manyowa, ndipo mlimi wanzeru sataya mbali yamchengayo. Kalasi iri chimodzimodzi. Muli mwana wogwira msanga, wina wochedwa, wina wosaona bwino, wina wosamva, wina wobvutika kuyenda.

M'chaka cha 1994 Boma lidachotsa fizi ya sukulu za pulaimale, ndipo ana adachuluka kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Chaka chomwecho maboma 92 adasonkhana ku Salamanca, m'dziko la Spain, nagwirizana kuti mwana wolumala aziphunzira pamodzi ndi anzace pa sukulu ya kufupi ndi kwao. Sukulu zapadera ziripo ndithu, monga za osaona ku Chilanga ndi ku Lulwe, ndi za osamva ku Mua ndi ku Embangweni, koma ziri kutali ndi midzi yambiri, ndipo sizingalandire onse.

Nanga mphunzitsi mmodzi angatani ndi ana ambiri osiyana chotere? Zambiri sizifuna ndalama. Mwana wosaona bwino akhale patsogolo, ndipo mphunzitsi alembe zilembo zazikulu, namanena mokweza chimene ali kulemba. Ana achialubino ambiri ali ndi bvuto limeneli la maso. Aloledwe kuyandikira bolodi ndi kubvala chipewa, ndipo kalasi ikakhala ya pansi pa mtengo, akhale pamthunzi. Kwa mwana wosamva bwino, mphunzitsi asalankhule atatembenukira kubolodi, pakuti mwanayo amatola mau poyang'ana milomo. Kukalipa sikuthandiza, chofunika ndi kulankhula pang'onopang'ono ndi kumuonetsa chinthucho.

Wochedwa kugwira masamu apatsidwe miyala, njere za chimanga kapena tizibakera ta mabotolo, awerenge ndi manja ace. Anzace akachita masamu khumi, iye achite asanu, koma awamve. Wobvutika kugwira pensulo angathe kuyankha ndi pakamwa. Aphunzitsi ena amagawa ana m'magulu, nasanganiza ofulumira ndi ochedwa. Makolo ena amadandaula kuti mwana wao wanzeru ataya nthawi pothandiza mnzace, koma ine ndiona kuti wofotokozera mnzace ndiye amagwiritsa phunzirolo.

Mwana wosaoneratu afunika zilembo za Braille, zowerenga ndi nsonga za zala. Adazikonza ndi Louis Braille wa ku France, amene adachita khungu ali mwana, ndipo chilembo chirichonse chipangidwa ndi timadontho totukuka tosapitirira 6. Aphunzitsi odziwa zimenezi, ndi odziwa kulankhula ndi manja, amaphunzira ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Pemphani a hedimasitala kuti akulozereni kumene kuli mphunzitsi wotere kufupi ndi kwanu.

Tsopano ndilankhule ndi inu mafumu. Mphunzitsi sangaphunzitse mwana amene sanafike. Inu mudziwa khomo liri lonse m'mudzi mwanu, mudziwanso kumene kuli mwana wobisidwa chifukwa cha manyazi. Lamulo la maphunziro la 2013 likuti mwana aliyense apite ku pulaimale, ndipo silipatula wolumala. Itanani makolo, muwauze kuti kulumala si tsoka la banja kapena nchito ya mfiti. Muwauzenso kuti khunyu silipatsirana: mwana akagwa, mchotsereni zomupweteka, musamuike kanthu m'kamwa, kugwedezeka kukatha mumgoneke chammbali, ndipo apite kuchipatala, pakuti mankhwala ace alipo. Khutu lotuluka mafinya nalonso lipite kuchipatala msanga, chifukwa likalekereredwa lingagonthe.

Pamene muumba njerwa za sukulu chirimwe chino, kambiranani ndi komiti kuti pakhomo la kalasi pakhale potsetsereka m'malo mwa masitepe okha, ndi kuti khomo la chimbudzi likhale lotakata, njinga ya wolumala ilowe. Mwana wokhala kutali mumpezere anzace oyenda naye m'mawa ndi masana.