Lole ya kalabu ikwere chitunda popanda kugwetsa thumba lathu

Awa ndi mawu omwe adayankhulidwa pa msonkhano wa makalabu a alimi a tiyi, nanazi ndi nandolo m'boma la Mulanje.



Nkhani yanga lero ndi ya lole. Makalabu ena kuno adasonkha ndalama n'kugula lole ya matani awiri kapena atatu, kaya ndi Canter, Dyna kapena Isuzu Elf yomwe idagwirapo kale ntchito ku Japan. Enafe timachita hayala lole za mtundu womwewu. Dandaulo lathu ndi limodzi. Pa tala, kuchoka pa Limbuli kukafika pa Chitakale, lole imayenda bwino. Koma ikasenza katundu n'kulowa msewu wafumbi wa m'mphepete mwa phiri, imayamba kulira ndi kufuka utsi, mapeto ake anthu atsike aziika miyala kumatayala.

Vutoli limatidyera ndalama. Tiyi amachuluka kuyambira Disembala mpaka Epulo, nthawi yomwenso misewu imakhala matope okhaokha. Masamba othyoledwa m'mawa ayenera kufika ku fakitale tsiku lomwelo. Akakhalitsa m'matumba amatentha n'kuyamba kufiira, ndipo mlimi ndiye amaluza. Nanazi naye akagonera panjira amafika ku Limbe atafewa.

Chomwe lole yathu ikusowa ndi mphamvu yokoka pamene ikuyenda pang'onopang'ono, yomwe amakaniko amati torque. Mphamvu imeneyi ndi yosiyana ndi liwiro. Ng'ombe yapangolo sithamanga, koma imatulutsa ngolo m'matope. Ife alimi tikufuna lole yokoka ngati ng'ombe.

Ndiyambe ndi chenjezo. Alipo amakaniko omwe amakuuzani kuti apotokola kasikuluwu ka pa pampu kuti injini izimwa dizilo wambiri. Zoona, tsiku loyamba dalaivala amamva kusintha. Koma dizilo amafuna mpweya wokwanira kuti apse. Utsi wakuda womwe umatsatira lole ndi dizilo wosapsa, ndalama za kalabu zikuuluka. Komanso injini imatentha mopitirira muyeso, ndipo posakhalitsa mudzagula gasiketi, mwinanso mapisitoni. Ena amati muikire tabo pa injini yomwe idapangidwa yopanda tabo. Zimenezi n'zodula, mapisitoni ake sadapangidwe kuti apirire moto wotero, ndipo injini ikamazungulira pang'onopang'ono tabo sithandiza kwenikweni. Ngati lole yanu ndi yatsopanoko, yomwe pampu yake imayendetsedwa ndi kompyuta, musalole n'komwe munthu wopanda makina oyezera kuigwira.

Njira yotchipa ndi kubwezeretsa mphamvu yomwe injini idali nayo kale koma yatayika.

Choyamba ndi mpweya. Fyuluta ya mpweya ikadzaza fumbi, injini imabanika ngati munthu wokwera ku Sapitwa atatseka mphuno. Dziwaninso kuti injini yopanda tabo imataya mphamvu pafupifupi 3 pa 100 iliyonse mukakwera mamita 300, kaamba koti kumtunda mpweya umapepuka. Choncho lole yopita ku Limbe kudzera ku Thyolo imakhala itafooka kale, fyuluta yakuda n'kudzangowonjezera. M'chilimwe muziiyang'ana sabata iliyonse, ndipo ikang'ambika igulidwe ina.

Chachiwiri ndi dizilo. Mafuta akasowa timathamangira a m'zigubu, omwe nthawi zina amakhala ndi madzi, zinyalala kapena palafini. Pampu imadalira dizilo yemweyo kuti zitsulo zake zisakhulane, ndiye palafini amaidya. Sinthani fyuluta ya dizilo panthawi yake ndipo muzikhetsa madzi omwe amadikha pansi pake.

Chachitatu, pitani ndi manozo kwa omwe ali ndi makina oyezera. Nozo yabwino imapopera dizilo ngati nkhungu, pomwe yotha imangodontha. Pa ulendo womwewo makaniko aone taimingi ya pampu ndi mpata wa mavavu molingana ndi buku la injiniyo. Ntchito imeneyi mtengo wake sufika pa wa kuphwasula injini yonse.

Chachinayi sichili mu injini. Mukayenda mtunda ndithu, imani muyandikize dzanja pa limu lililonse. Lomwe latentha kuposa anzake ndiye kuti buleki ikugwira yokha kapena beringi yatha. Ngati injini ikulira kwambiri pachitunda koma lole osasuntha, kilatchi yatha. Matayala nawo: mukachotsa a 7.00R16 n'kuika a 7.50R16 poti ndi aatali, mwachotsa mphamvu yokoka pafupifupi 3 kapena 4 pa 100 iliyonse.

Mukachita zonsezi koma lole n'kumalemedwabe, kusintha komwe ndingakulangizeni ndi kwa difu. Werengani mano a giya yaikulu ya mu difu, mugawe ndi mano a yaing'ono. Yankho likakhala 5, ndiye kuti shafiti imazungulira kasanu kuti tayala lizungulire kamodzi. Mukapeza difu yokwana pa lole yanu yomwe yankho lake ndi 6, mphamvu yokoka imakwera ndi 20 pa 100 iliyonse m'magiya onse, injini osaigwira. Kawirikawiri malole otaya mchenga ndiwo amakhala ndi difu yotere. Dziwani kuti pa tala liwiro lidzatsika ndipo dizilo adzapita wochulukirapo. Koma kuthamanga sikufika. Amene akuganiza zosintha injini yonse akumbukire kuti nambala ya injini yatsopanoyo iyenera kukalembetsedwa ku Road Traffic.

Tisanamizanenso pa nkhani ya katundu. Lole ya matani atatu ikasenza matani asanu, palibe makaniko angaipulumutse. Chitunda chomwe yakwera movutika idzatsikanso pobwerera, ndipo mabuleki akakana timataya miyoyo ya abale athu. Dalaivala alowetse giya yaing'ono asanayambe kukwera, ndipo potsika agwiritse giya yomweyo.

Tsono, alimi anzanga, pali zomwe tingachite tokha ndi zomwe tiyenera kupempha. Kuyambira pomwe Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za galimoto zidakwera mtengo kwambiri. Kalabu iliyonse izipatula kangachepe pa ulendo uliwonse kuika m'thumba lokonzera lole, ndipo mlembi azilemba m'kope tsiku lomwe fyuluta ndi oyilo zasinthidwa. Makalabu oyandikana aziguliranso limodzi zipangizo. Mutu umodzi susenza denga.

Koma ngakhale injini ikhale yabwino bwanji, singawoloke pomwe palibe mlatho. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adakokolola misewu ndi milatho yambiri kuno ku Mulanje. Pa lita iliyonse ya dizilo yomwe timagula pali ndalama ya misewu yomwe imapita ku Roads Fund Administration, choncho tikamapempha msewu tikupempha chathu chomwe. Ndikupempha kuti kalabu iliyonse ilembe malo atatu omwe lole imatitimira kapena kukanika kukwera, mudzi wake ndi mtsinje wake. Mndandandawo upite ku makomiti a chitukuko a m'madera mwathu, kwa makhansala, kwa aphungu ndi ku khonsolo ya boma lino mvula isanayambe. Atsogoleri a bungwe lathu akautsatire mpaka tione giredala ndi makalavati.