THOLE LIKAYAMBA KUBANIKA
Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja

Amuna ambiri a ku Katete, Sinda ndi Vubwi amene agwira nchito ku migodi ndi m'matauni amatumiza ndarama kwao kuti abale awagulire ng'ombe. Ng'ombezo ndizo zidzalima, ndizo zidzakoka ngolo, ndizonso zidzamsunga mwini wace akadzaleka nchito. Tsono nkhani ya lero ndi ya nthenda imene imapha matole ambiri m'dziko la Gawa Undi, nthenda yochedwa cigodola.

Cigodola cimadza ndi nkhupakupa zofiirira zimene zimakonda kuluma m'makutu mwa ng'ombe. Nkhupakupa ikamayamwa magazi imalabvulira tizirombo m'thupi la ng'ombeyo. Akavalo ndi abulu sadwala nthendayi, koma matole ndiwo agwidwa koposa, makamaka m'dzinja pamene nkhupakupa zacuruka, ndiponso m'nyengo yozizira.

Pakapita sabata limodzi kapena awiri, thole limatupa kunsi kwa khutu ndi patsogolo pa phewa. Thupi limatentha kupitirira madigiri 40, ndipo limaleka kuyamwa. Pambuyo pace madzi amadzaza m'mapapo. Apo thole limatsokomola, limaima litatambasula khosi, lili wefuwefu monga lathamanga ulendo wautali. Potsiriza thobvu limaturuka m'mphuno, ndipo kawirikawiri limafa patatha masabata atatu kapena anai cilumidwire.

Kodi wosunga ng'ombe acitenji? Coyamba, azipapasa matole ace kunsi kwa makutu m'mawa uliwonse potsegula khola. Akapeza cotupa, aitane mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Alipo mankhwala a nyeleti ochedwa buparvaquone amene amaciza nthendayi, koma mphamvu yace ioneka ngati thole lalasidwa msanga. Thobvu likayamba kuturuka, nthawi yatha kale.

Caciwiri, poyembekeza mlangizi, thole likhale pamthunzi, madzi ali pafupi. Lisatsate zinzace kubusa, ndipo ana asalithamangitse, pakuti mapapo odzala madzi sapirira liwiro. Ena, mwa cifundo, amalikakamiza kumwa madzi kapena mankhwala a mizu ndi botolo. Ici ncoipa ndithu. Thole lobanika silimeza bwino, cotero madziwo amalowa m'mapapo ndi kulipha msanga.

Cacitatu ndi katemera, ndipo apa anthu a ku Katete ali naco conyadira. Tizirombo timene akatswiri anapangira katemera wa Cigawo ca Kum'mawa anatitenga m'boma lomweli, ndipo m'mabuku a madokotala a ziweto timachedwa ndi dzina la Katete. Nchito yotemera matole inayamba mu 1987 ndi cithandizo ca dziko la Belgium. Thole limalasidwa nyeleti ziwiri nthawi imodzi: ina ya tizirombo tamoyo, ina ya mankhwala otifooketsa. Thupi limaphunzira kulimbana nato, ndipo kutemera kamodzi kumaliteteza zaka zambiri. Komabe dibi kapena kupopera sikuyenera kulekedwa, pakuti nkhupakupa zimabweretsa nthenda zinanso zimene katemerayu saletsa.

Bvuto limene limaoneka kawirikawiri ndi ili. Mwini ng'ombe ali ku Kitwe kapena ku Lusaka. Wozisunga kumudzi ndi malume wace wokalamba, amene alibe ndarama m'thumba. Thole likadwala, nkhalambayo imayamba yatumiza mau, nkumadikira yankho, masiku ali kupita. Yankho likamafika, cikopa cili kale padzuwa. Cifukwa cace wotumiza ndarama zogulira ng'ombe asiyenso zina m'manja mwa woisunga, zogulira mankhwala ndi zolipira katemera, ndi kumuuza poyera kuti thole likadwala asayembekeze cilolezo.

Akuluakulu anati mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Amene ali ndi matole kumudzi afunse sabata lomwe lino ngati anatemeredwa.