Mphete ya chitomero: tigule ya ndalama zingati?

Ine si wophunzira kwambiri ayi, sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo ntchito yanga ndi khasu. Ndimalima mpunga kudambo la kufupi ndi nyanja ya Chilwa, chimanga ndi nandolo kumtunda. Poti mwandipatsa mpata, ndiyankhulepo pa funso lija tinamva pa pulogalamu ya achinyamata sabata yatha, lija mnyamata wina anafunsa kuti kodi mphete yotomerera mkazi agule ya ndalama zingati. Ambiri tinaseka tsiku lija. Ine sindinaseke, chifukwa nkhani imeneyi inalowa kale pakhomo pathu.

Mu 2022 mng'ono wanga anapeza mbeta, mwana wa khalidwe ndithu. Atabwera kudzandiuza ndinati, chabwino, tiye tikawauze atsibweni kuti ayambe kuyenda. Iye anati, "Achimwene, dikirani kaye, masiku ano timayamba ndi mphete." Anali ataona pa foni, pa Facebook ndi pa WhatsApp, anyamata a m'tauni akugwada pamaso pa mtsikana, kabokosi m'manja, anthu akuwomba m'manja. Ndalama analibe, poti unali mwezi wa Epulo, mpunga usanache. Anapita kwa munthu wina wogula mbewu n'kutenga ndalama, polonjeza kuti akadzakolola adzabweza matumba anayi. Anakwera chapa kupita ku Cuamba, anagula mphete yonyezimira yokhala ndi kamwala pamwamba, analipira wojambula, ndipo anakagwada ku Insaca anthu akuonerera. Zithunzi zinatuluka zokongola, zimenezo sindingakane.

Chaka chimenecho anakolola matumba khumi ndi awiri. Anayi anapita kwa mwini ngongole tsiku lomwe anamaliza kupuntha, pa mtengo wa m'munda, umene mukuudziwa nonse kuti ndi wolira nawo. Atatu anathera pa chinkhoswe. Anatsala asanu, oti adye ndi mkazi wake, asungepo mbewu, agulepo mchere ndi sopo. Pofika Januwale 2023 m'nyumba munalibe kanthu, mlamu wanga ali ndi pathupi. Mphete ija nayo inali itasuluka, chala chikuchita kubiriwira. Anapita nayo pamsika wa ku Entre Lagos kuti aigulitse, ndipo ndalama imene anthu anatchula sinkakwana ngakhale ndowa imodzi ya chimanga. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu Malichi inabwera mvula ya namondwe Freddy, munda wa kudambo unamira, ndipo mnyamatayo anathera nyengo yonse pa ganyu yokoka makoka a eni ake kunyanja.

Banjalo lilipo mpaka lero, tithokoze Mulungu. Koma mawu amene mlamu wanga anandiuza tsiku lina sindiwaiwala. Anati, "Alamu, ndikanadziwa kuti kamphete aka ndi matumba anayi, ndikanawauza kuti andigulire mbuzi." Taonani, mtsikanayo sanapemphe n'komwe mphete yodula. Mnyamata anangoganiza yekha kuti ndiye zofunika, osamufunsa mwini chala.

Tsono tiyeni tikumbutsane za kwathu kuno. Kupereka chizindikiro kwa mkazi amene wamufunsira si chinthu chachilendo ayi. Makolo athu ankati chikole. Ine potomera mayi a kunyumba ndinapereka kapulana imodzi, mpango wa kumutu ndi kandalama pang'ono. Iwo anakaonetsa kwa agogo awo, agogo anauza atsibweni, basi mudzi wonse unadziwa kuti uyu ali ndi mwini. Ntchito ya chikole inali imeneyo, kusonyeza kuti mawu a mnyamata si a m'njira. Palibe amene anafunsa kuti kapulanayo wagula zingati.

Ngakhale pa chinkhoswe, taganizani zimene ankhoswe amapatsana. Akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi amapereka thadzi. Mwamuna amalandira khasu, nkhwangwa ndi chikwanje, mkazi amalandira lichero, mthiko ndi chipande. Zonsezi ndi zida zoti banja lidye. Ndipo poti ambiri kuno timakwatira chikamwini, apongozi amayang'ana ngati mkamwini angathe kumanga nyumba, kufolera denga ndi kudzaza nkhokwe. Anzathu achisilamu ali ndi mahari, mphatso imene imapita kwa mkazi mwini, ndipo amagwirizana molingana ndi mphamvu za munthu. Akutchalitchi ali ndi mphete ya ukwati imene amavekana pamaso pa abusa kapena ansembe, ndipo nthawi zambiri imakhala yosalala, yopanda mwala. Iyi ya chitomero ndi ina yapadera, yongowonjezera. Ndiye kuti mnyamata amene wagula yodula lero, mawa akufunikanso kugula zina ziwiri za tsiku la ukwati.

Nanga zoti mphete iyenera kudya malipiro a miyezi iwiri zinachokera kuti? Achinyamata ena amanena zimenezi ngati ndi lamulo. Ine ndinafunsafunsa kwa anthu owerenga, ndipo yankho lake linandidabwitsa. Kuli kampani ya miyala ya dayamondi yotchedwa De Beers, imene inayamba mu 1888 pa migodi ya ku Kimberley, ku Joni. Malonda atavuta, mu 1938 inalemba ntchito akatswiri otsatsa malonda ku America kuti aphunzitse anthu kuti chikondi chenicheni chimaoneka ndi dayamondi. Poyamba ankati mwamuna awononge malipiro a mwezi umodzi. Pofika zaka za m'ma 1980 anayamba kunena miyezi iwiri, ndipo ku Japan ankati itatu. Mwamva? Amene anaika muyezowo ndi wogulitsa yemweyo. Zili ngati wogula nandolo abwere ndi sikelo yake, aikenso mtengo wake, ife n'kumati ndi mwambo.

Komanso muyezo umenewo anapangira anthu olandira ndalama mwezi ndi mwezi. Mlimi amalandira kamodzi pachaka, mpunga mu Juni, fodya m'miyezi ya msika, nandolo cha mu Seputembala. Ukachotsa miyezi iwiri pa zokolola zako, sikuti wachotsa Juni ndi Julayi pamene nkhokwe ili yodzaza. Wachotsa Januwale ndi Febuluwale, miyezi ija mwana amalira usiku. Ndipo ife a m'mbali mwa Chilwa tikudziwa kuti chaka sichilonjeza. Nyanja imeneyi inauma mu 1995, inaphweranso kwambiri mu 2018, nsomba n'kusowa, mpunga n'kukanika.

Ndiye yankho langa kwa mnyamata anafunsa uja ndi ili. Sindikupatsa nambala ya meticais, chifukwa matumba athu ndi osiyana. Ndikupatsa ndondomeko. Ukakolola, yamba wapatula chakudya chofika mpaka zokolola zina. Upatule mbewu ndi ndalama ya feteleza. Upatule za chinkhoswe, ndi kena kake kosungira matenda. Chimene chatsala pamenepo, ndicho ungaganizire mphete. Chikatsala chogula ya mtengo wa nkhuku imodzi, gula ya nkhuku imodzi, usachite manyazi. Chikapanda kutsala, pereka kapulana, palibe mlandu. Koma zitatu izi usachite: usatenge katapila, usagulitse mbewu ili m'munda, usagulitse njinga kapena mbuzi yoswa chifukwa cha mphete.

Chachiwiri, kambiranani awiri. Zodzidzimutsana zija za pa foni n'zimene zinagwetsa mng'ono wanga. Mufunse mnzakoyo kuti, ndili ndi ndalama yakuti, tigule mphete, malata, kapena mbuzi? Ngati simungathe kukambirana za ndalama muli pa chibwenzi, m'banja mudzatha bwanji?

Chachitatu, amene ali nazo ndipo akufuna yagolide weniweni, achenjere. Golide weniweni sasuluka ndipo sabiriwiritsa chala. Tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakufa, mphete ikakakamira dziwani kuti ndi chitsulo chopaka. Koma ngakhale isakakamire musafulumire kukondwa, poti mkuwa nawonso sukakamira. Zambiri zimene timaona pamisika yathu ndi zopaka, choncho lipirani mtengo wa chopaka, osati wa golide.

Kwa inu atsikana, alongo anga, musayeze mwamuna ndi kunyezimira kwa chala cha mnzanu. Simukudziwa kuti kunyumba kwake agona ndi chiyani. Pitani mukaone munda wa mnyamatayo ngati ndi wopalira, muone mmene amayankhulira ndi mayi ake, mufunse ngati ali ndi ngongole. Kwa inu makolo ndi ankhoswe, musamuchititse manyazi mwana wa eni ake pamaso pa anthu chifukwa wabwera ndi chochepa. Mukamukakamiza kukongola, ngongoleyo adzaibweza ndi mwana wanu yemwe, ndi zidzukulu zanu.

Pali chinanso chimene ndiyenera kunena poti tili pa nkhani ya chitomero. Mu 2019 boma lathu la Mozambique linakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a ana, ndipo lamulolo likuletsanso kutomera mwana amene sanakwane zaka 18. Kaya wabwera ndi mphete, kaya kapulana, kaya njinga yamoto, ngati mtsikanayo ndi mwana, ndi mlandu wopita nawo kundende, ndipo makolo ovomereza nawonso amayankha. Mphatso yodula isatitseke maso mpaka kuchotsa mwana pasukulu. Kwa amene ndi akuluakulu, malamulo a mabanja kuyambira 2004 amavomereza ukwati wa kuboma, wa kuchipembedzo ndi wa mwambo, bola ukalembetsedwe ku Registo Civil. Kumeneko amafunsa zaka zanu, mapepala anu ndi mboni, safunsa mtengo wa mphete.

Ndimalize ndi pempho kwa a wapampando. Tikamatumiza maganizo a kalabu yathu ku wailesi mwezi uno, tipemphe kuti akonze pulogalamu ina imene adzaitane ankhoswe, atsogoleri a mipingo ndi a mizikiti, komanso atsikana eni ake, kuti anene okha chimene amafuna. Mng'ono wanga wandilola kufotokoza nkhani yake, ndipo wati ngati wailesi ifuna adzapita yekha kukayankhula. Chaka chino wagula mbuzi ija, yaswa kale ana awiri.

Amene ali ndi maganizo osiyana ndi anga aimirire, tithandizane.