Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chionetsero cha Ana a Masewera a Jiminasitiki



Pamene kalata yondiitana idandipeza, ndidakhala masiku awiri ndisanayankhe, pakuti pali nkhani ina ya pa unyamata wanga imene ndidadziwa kuti sindingathe kuima pamaso pa ana a masewera awa osaiulula. Ndipo ndiiulula ndisanakhale pansi. Koma poyamba ndinene zimene maso anga aona m'mawa uno. Ndaona ana akuimira manja, miyendo ili m'mwamba chilili. Ndaona ena akupidiguka katatu motsatizana osapunthwa. Ndaonanso kamtsikana kaja ka kumapeto kwa mzere, kamene kadapinda msana chagada kufikira zikhatho zidagunda pansi, amayi nkuimba nthungululu. Ambiri mumayang'ana miyendo ndi misana, koma ine ndimayang'ana nkhope, ndipo chimene chandikondweretsa koposa ndi chakuti sindidaone mwana ndi mmodzi yemwe akukukuta mano kapena kubisa misozi. Alangizi, pa chimenechi landirani ulemu wanu.

Masewera awa adachokera kutali. Ku Germany, Friedrich Ludwig Jahn adatsegula bwalo lake loyamba mu mzinda wa Berlin m'chaka cha 1811. Ku Sweden, Per Henrik Ling adakhazikitsa sukulu ya masewerawa ku Stockholm mu 1813. Ndipo bungwe limene limayang'anira jiminasitiki pa dziko lonse lidabadwa mu 1881. Koma dzina limene a msinkhu wanga sadaliiwale ndi la mtsikana wa ku Romania, Nadia Comăneci, amene pa masewera a Olimpiki a ku Montreal mu 1976, ali ndi zaka 14 zokha, adapatsidwa mapointi 10, onse amene oweruza akadatha kupereka, chinthu chimene chidali chisanachitikepo kwa mkazi aliyense pa Olimpiki, kotero kuti makina oonetsa zotsatira, posadziwa kulemba nambala yotere, adalemba 1.00. Dziko lonse lidaona kamphindi kamodzi kaja ndi kuzizwa. Ochepa okha ndiwo adafunsa kuti mwanayo adayamba liti, ndipo yankho lake ndi lakuti adayamba ali ndi zaka ngati 6. Pakati pa 6 ndi 14 pali zaka 8 za kudziwongola tsiku ndi tsiku, zimene palibe adaziombera m'manja.

Amalume anga adali mmisiri woluka malichero ndi madengu, ndipo ine ndili mwana ndidali kukhala pambali pawo pa khonde, ndikuwapatsira mpeni ndi luzi. Akang'amba nsungwi ndi kuipala, sadali kuipinda tsiku lomwelo ayi. Adali kuiviika m'madzi, ndipo ikamwa madzi, ndiye adali kuitenga, kuiika pa bondo, ndi kuyamba kuikhotetsa pang'ono, nkuisiya, nkuikhotetsanso, khutu ali tcheru. Pakuti nsungwi imene yatsala pang'ono kuthyoka imayamba yalira kaye kaphokoso kakang'ono, ndipo mmisiri wakumva amaleka pomwepo. Mkombero wa lichero udali kuwatengera nthawi yaitali kuposa lichero lenilenilo. Tsiku lina, iwo atapita kumaliro, ndidatenga nsungwi youma ndi kuipinda ndi mphamvu zanga zonse kuti akadzabwera adzapeze mkombero watha. Idangoti thyo, ndipo kachidutswa kake kadandilasa m'chikhatho. Atabwera sadandikalipire. Adangotola zidutswazo, naziyang'ana nthawi yaitali, nati nsungwi imeneyo adaisunga miyezi itatu.

Makolo athu adati kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo adanena zoona, pakuti thupi la mwana limalola kupindika koposa la munthu wamkulu; koma mwambi womwewo, ukagwera m'manja mwa munthu wa phuma, umasanduka chikwapu. Tsono ndiloleni ndinene mmene Namalenga adaumbira thupi limeneli, monga ndidaphunzirira mochedwa kwa a chipatala ndi m'mabuku. Mnofu wozizira uli ngati nsungwi youma. Chifukwa chake mwana asanayambe kutangadza miyendo kapena kupinda msana, ayambe wathamanga, wadumpha chingwe, wazunguza mikono ndi miyendo kwa mphindi ngati 10, kufikira thupi litatentha ndipo kathukuta kataoneka pamphumi. Kudziwongola kwa kukhala phee kuli bwino kubwere pambuyo, masewera atatha, thupi likadali lofunda. M'kati mwa mnofu uliwonse muli timitsempha tomwe ntchito yake ndi kulondera, ndipo mnofu ukakokedwa modzidzimutsa, alonda amenewa amaulamula kuti ukungike msanga podziteteza. Ndiye chifukwa chake mwana amene akudzigwedeza mwamphamvu kuti afike pansi, kapena amene wina akumukankha kumsana, akulimbana ndi thupi lake lomwe, ndipo chimene chimagonja pa nkhondo yotere ndi mnofu umene umang'ambika. Koma mwana akalowa pang'onopang'ono kufikira pamene akumva kukoka, naima pomwepo masekondi 20 kapena 30 akupuma mofatsa, nabwereza kawiri kapena katatu mbali zonse ziwiri, nachita chomwecho masiku ambiri a sabata, alonda aja amazolowera, nalola lero kamtunda kamene adakana dzulo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Kukoka kumene mwana angathe kukupirira akupuma bwino ndi kuyankhula ndiye malire; kuwawa kobaya, kotentha, kapena kwa dzanzi, makamaka m'mfundo za mafupa, ndiko kulira kwa nsungwi kuja, ndipo mlangizi wakumva amaleka.

Pali chinthu china chimene aphunzitsi ambiri a nthawi yanga sitidachidziwe. Fupa la mwana silidakhwime lonse. Kumapeto kwake kuli malo ofewa pamene limakulira, ndipo pa malo ena otere ndi pamene misempha ya minofu ikuluikulu idamangirira. Mwana akafika msinkhu wosinthuka, pamene amatalika msanga kotero kuti yunifolomu ya chaka chatha imalekeza pamwamba pa mawondo, mafupa amathamanga, minofu nkutsalira m'mbuyo, ndipo mwana amene chaka chatha adali kutangadza mpaka pansi amapezeka wauma. Si ulesi umenewo, ndipo si mwano. Ndi nthawi yomweyo imene ana ambiri amadandaula kuwawa pansi pa bondo kapena ku chidendene, ndipo ndi nthawi imene mlangizi ayenera kuchepetsa katundu m'malo mowonjezera.

Tsopano ndifike pa nkhani yanga ija. Ndili mphunzitsi wachinyamata pa sukulu ina imene sindiitchula, ndidapatsidwa ntchito yokonzekeretsa ana chionetsero cha pamaso pa akuluakulu, ndipo masabata adali atatsala atatu. Padali mtsikana wina wa zaka ngati 13, womvera, wosayankha mawu awiri, amene miyendo yake idali kutsala pang'ono pokha kuti igunde pansi. Ndidamuuza akhale pansi atambasule miyendo, ndipo ine ndidaima kumbuyo kwake, ndidaika manja anga pa mapewa ake, ndi kumukanikiza ndi kulemera kwanga konse. Adati, “Aphunzitsi, zikuwawa,” mawu otsika, kamodzi kokha. Ndidamuyankha kuti alimbe mtima. Kenaka ndidamva thupi lake likudzidzimuka pansi pa manja anga, ndipo atadzuka sadathe kuponda bwino mwendo wakumanzere. Kuchipatala adati msempha wa kumbuyo kwa ntchafu udakoka kachidutswa ka fupa la m'chiuno, pamalo pamene munthu amakhalira. Mwanayo adatsimphina miyezi yambiri, sadathe kukhala pa benchi ya m'kalasi osapendekera mbali imodzi, ndipo ku masewera sadabwererenso. Amayi ake adabwera kusukulu, ndipo sadanditukwane, adangondifunsa kuti, “Kodi mwanayu sadakuuzeni kuti zikuwawa?” Funso limenelo ndayenda nalo zaka zoposa 40, ndipo ndi limene landiimika pano lero.

Musaganize kuti cholakwa chotere ndi cha ife osauka okha, amene tilibe matilesi ndi zipangizo. Ku Britain, dziko la nyumba zazikulu za masewera, loya wina wamkulu, Anne Whyte, adapatsidwa ntchito yofufuza mmene ana a jiminasitiki adali kusungidwira, ndipo anthu oposa 400 adapereka umboni. Lipoti lake lidatuluka mu June 2022, ndipo lidaulula za alangizi amene adali kukhalira ana pathupi powawongola, za ana okokedwa kufikira kulira, ndi za ena omanidwa chakudya ndi madzi kuti asanenepe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kale lomwe, ku Soviet Union, Elena Mukhina, amene adapambana dziko lonse mu 1978, adafulumizitsidwa kubwerera ku masewera mwendo wake wothyoka usanapole bwino; mu 1980, masiku ochepa Olimpiki ya ku Moscow isanayambe, adagwa pokonzekera ku Minsk, nathyoka khosi ali ndi zaka 20, ndipo adakhala wopuwala kufikira imfa yake mu 2006. Nchifukwa cha mantha a zotere kuti kuyambira 1997 mtsikana saloledwa kupikisana ndi akuluakulu pa jiminasitiki ya dziko lonse asanafike chaka chimene akukwanitsa zaka 16. Ndipo mu 2021, ku Tokyo, Simone Biles wa ku America, amene palibe adamufikapo pa mamendulo a masewerawa, adaona kuti mutu ndi thupi zaleka kumvana ali m'malere, nasiya mpikisano pamaso pa dziko lonse. Ena adamunyoza. Ine ndidati mumtima mwanga, mwana uyu wanena mawu aja amene mtsikana wanga adanena, koma iye wamvedwa.

Alangizi, ndikupempheni chinthu chimodzi chowonjezera. Musakondwere ndi kufewa kokha, pakuti thupi lofewa lopanda mphamvu lili ngati denga la udzu wabwino pa mitengo yofumbwa. Mwendo umene mwana angathe kuukweza yekha ndi kuugwira m'mwamba ndi mphamvu ya minofu yake ndiwo wake. Umene umafika pamenepo pokhapokha wina ataukankha ngwobwereka. Mwana amene adabadwa wofewa kale, amene zigongono ndi mawondo ake zimapitirira kumbuyo, ndi amene amakopa maso a alangizi, koma iyeyu asowa kulimbitsidwa, osati kukokedwanso. Popinda msana chagada, phunzitsani ana kutsegula mapewa ndi chifuwa, kuti kupindikako kusaunjikane m'chiuno mokha, pakuti timafupa ta kumunsi kwa msana timachita ming'alu tikapindidwa malo amodzi kambirimbiri. Ndipo mwana akadandaula msana sabata ndi sabata, njira yake ndi ya kuchipatala, osati ya ku bwalo.

Makolo anzanga, mnofu sumangidwa ndi m'mimba mopanda kanthu. Pa nsima ija pakhale nyemba, usipa, nsinjiro, dzira likapezeka, ndi masamba. Mwana amwe madzi, agone tulo tokwanira, ndipo amene wangodzuka kumene pa malungo musamutumize ku masewera chifukwa choopa kuti ataya malo ake pa mzere. Akabwera madzulo, musamangomufunsa ngati wapambana. Mumuyang'ane mayendedwe ake pochokera ku chipata kufika pa khonde. Ndipo muli ndi ufulu wonse wobwera kudzakhala pambali pa bwalo ndi kuona mmene mwana wanu akuphunzitsidwira. Mlangizi woongoka sadzakutsekerani khomo.

Inu adzukulu anga, mwaphunzitsidwa kulemekeza akulu, ndipo nkoyenera kutero. Koma mvetsani ichi kuchokera kwa gogo wanu, pamaso pa mafumu, aphunzitsi ndi makolo anu amene akumva: kunena kuti zikuwawa si mwano. Mukanena kamodzi osamvedwa, nenaninso mokweza, ndipo mukafika kunyumba kauzeni amayi. Mnzanu akafika pansi inu musanafike, musadzikakamize kuti mufanane naye lero lomwe, pakuti ziuno zathu sizidaumbidwe mofanana. Tsokonombwe adatha mtunda ndi kudumpha.

Bambo wa pampando, dzuwa lakwera ndipo ana akhala pansi nthawi yaitali, thupi lazizira. Ndikupempha kuti asanabwerenso kudzationetsa gawo lotsiriza, alangizi awapatse mphindi zawo 10 zothamanga ndi kudumpha chingwe. Ife tidikira, ndipo mphatso tidzapereka pambuyo pake.