Phunziro la Jenda ku Sekondale: Tiikemo Zotani?



Tasonkhana kuti tigawane nzeru pa phunziro lomwe tikufuna kukonzera ana a sekondale a m'chigwa chino cha Domasi, lokhudza mmene amuna ndi akazi amakhalirana, lomwe ambiri amangoti jenda. Ena mwamva mphekesera zoti tikufuna kuphunzitsa atsikana mwano. Si choncho ayi. Ndipo ntchitoyi si yachilendo kuno. Pompano pa Malawi Institute of Education, pomwe amakonza masilabasi a dziko lonse, m'chaka cha 1992 anatsegula gawo lounika mabuku a ku pulayimale kudzera mu ntchito ya GABLE. Paja mabuku akale ankajambula bambo ali dokotala kapena dalaivala, mayi atasenza mtsuko. Mwana amakhulupirira chithunzi msanga kuposa mawu a mphunzitsi.

Ifenso amene tinagwirapo choko tivomere. Kangati tinatuma atsikana kukatitungira madzi, anyamata ali m'kalasi kuphunzira masamu? Mayeso atabwera tinkati atsikana ndi ouma mitu.

Tiyambe ndi mbiri. Mwana wa Fomu 1 amagwira K200 tsiku ndi tsiku, koma mufunseni kuti mayi ali pandalamapo ndani. Ndi Mayi Rose Chibambo, omwe atsamunda anawatsekera m'ndende ya Zomba mu 1959 ali ndi khanda lamasiku. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'Malawi, anatuluka m'ndende yomweyo mu Januwale 1993 atakhala m'manja mwa boma zaka zoposa 11. Nanga Mayi Joyce Banda, omwe analamulira dziko lino kuyambira 2012 mpaka 2014, suja ndi a kwa Malemia konkuno?

Malamulo nawo alowemo, koma m'Chichewa chomveka. Gawo 24 la malamulo oyendetsera dziko limateteza ufulu wa amayi. Kuyambira mu 1993 mtsikana amene watenga pakati amaloledwa kubwerera kusukulu akabereka, ndipo mu 2017 aphungu anakonza malamulowo kuti pasakhale ukwati wa munthu wosakwana zaka 18. Makolo ambiri sadziwa zimenezi, ena amadziwa koma amakhala chete chifukwa mkamwiniyo ali ndi kagolosale.

Povuta ndi pa miyambo yathu, ndipo pamenepa tisathamange. Kuno ndi kwa chikamwini. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mbumba ya mkazi. Mlendo angaganize kuti amayi athu ali pabwino. Koma nandolo akagulitsidwa, ndalama imalowa m'thumba la yani? Pamilandu amalankhula ndani, mayi kapena mwinimbumba? Ife sitikufuna kuti buku liwayankhire ana mafunso amenewa. Tiwapatse ntchito ya kunyumba: kwa sabata imodzi alembe nthawi yomwe mayi ndi bambo adzukira, ntchito zomwe agwira, ndi nthawi yomwe agonera. Abweretse kusukulu, awonkhetse okha pabolodi.

Anankungwi tiwaitane, tisawanenere kumbali. Kuchinamwali kuli malangizo abwino a ulemu ndi ukhondo, kulinso ena omwe amakankhira mwana kubanja. Atithandize kupeta.

Ena anati phunziroli likhale la atsikana okha. Ife tikukana. Amene adzakwatire atsikanawa ndi anyamata omwewa, choncho akhale pabenchi limodzi.

Tisanabalalike, limana lililonse lisankhe mayi mmodzi ndi bambo mmodzi oti adzakhale ndi aphunzitsi polemba mitu ya teremu yoyamba. Mayina tiwalandira tikatha nkhomaliro.