Kalongonda ndi manja onjenjemera

Amayi anzathu, mawu athu ndi ochepa, koma akukhudza thumba. Ngongole zina zimene timatenga m'magulu mwathu sizipita ku geni. Zimapita kwa amayi kapena apongozi amene dzanja lawo linayamba kunjenjemera atangokhala, kuyenda kwasanduka kokhwekhwereza, nkhope yauma ngati akwiya. Kumudzi ena ayamba kale kuwanong'ona za ufiti. Achipatala amati ndi matenda a Parkinson, dzina la dokotala wa ku London amene anawalongosola mu 1817. Ubongo umakhala ukuperewera dopamine, amene amathandiza thupi kuyenda momasuka.

Ambiri mwatifunsa za kalongonda. Si bodza ayi. Nyemba imeneyi, m'bale wake wa chitedze choyabwa chija, ili ndi levodopa, mankhwala omwewo amene ali m'mapiritsi a kuchipatala, ndipo asing'anga a ku India akhala akuigwiritsa ntchito kuyambira kalekale. Imachepetsadi kuuma kwa thupi kwa maola angapo, koma sichiza. Mapiritsinso sachiza.

Vuto lili pa muyezo. Ife timawerenga masheya mpaka tambala yomaliza, ndiye tingapatse bwanji mayi wathu supuni ya ufa osadziwa mphamvu yake? Mbewu ya munda uno ndi ya munda uwo sizifanana. Agogo athu ankaiphika tsiku lonse, n'kumataya madzi, chifukwa ankadziwa kuti imaledzeretsa. Ndipo kuphika kotero kumachotsanso mankhwalawo. Mu 1989 ku Mozambique, m'nthawi ya njala, anthu ambiri anasokonezeka mutu atamwa madzi ophikira nyembazi m'malo mowataya. Wokalamba akamwa wambiri amasanza, amachita chizungulire, amaona zinthu zomwe palibe. Akaphatikiza ndi mapiritsi ndiye wamwa kawiri.

Tikudziwa chimene chimatikankhira ku ufawo: mapiritsi amasowa, ndipo akapezeka mtengo wake ndi wowawa. Tsono ife ndife anthu a pamsewu. Mwezi uliwonse wina ali ku Lusaka, wina ku Tete, wina ku Johannesburg. Pempho lathu n'lakuti thumba la zadzidzidzi lizilipira ulendo wokaonana ndi dokotala, chifukwa si kunjenjemera konse kumene kuli Parkinson, ndipo amene akuwoloka malire azinyamula kalata ya dokotalayo n'kugulirako mnzake mapiritsi asanathe, pakuti kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa. Amene mwayamba kale kupereka kalongonda, musachite manyazi. Tengani ufawo mukawaonetse adokotala, muwauze masupuni angati patsiku.